Kukwera sitima ya cruise ndi mapointi a khadi: malangizo kwa ife okhala ku Britain

Sitima yapamadzi imene ndinkaidziwa ndi Ilala basi, gogo uja wakhala akuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951. Ndinaikwerapo kamodzi kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Likoma, nditatsamira matumba a ufa, pambali panga nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo. Ndiye tsiku limene ndinaima pa doko la Barcelona n'kukweza maso kuona chisitima chotalika kuposa nyumba iliyonse ya mu Blantyre, ndinangoti kukamwa yasa. Nditabwerera kuntchito, mnzanga wa shifiti ya usiku anandikokera pambali: "Achemwali, tanenani zoona, ndalama munazitola kuti?"

Sindinatole. Chipinda cha m'sitima ndinalipira ndi thukuta langa, mwezi ndi mwezi. Chimene sichinatuluke m'thumba ndi tikiti ya ndege, ya ine ndi ya bambo a kunyumba. Nkhani yagona pamenepa: mapointi amene makhadi a ngongole amakupatsani mukamagula zinthu kawirikawiri sagula ulendo wonse, amagula njira yokafikira pamene pakocheza sitima. Amene amakuuzani kuti anayenda "ulere" amakhala akubisa theka la nkhani. Koma theka lotsalalo ndi ndalama ndithu, ndipo nayi njira imene ine ndimatsata.

Yambani ndi pasipoti, khadi pambuyo

Anzathu achingelezi akamakamba za mapointi sayamba ndi izi chifukwa iwo siziwakhudza. Ife zimatikhudza. Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi kapena ya Zambia, chilolezo chanu chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku Spain, Italy, France kapena Greece. Mukufunika viza ya Schengen, viza imodzi yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, imene mtengo wake unakwera kufika pa €90 mu June 2024, osawerengera ya ofesi yolandira mafomu monga VFS Global, TLScontact kapena BLS. Musanamizike n'kuti sitimayo ikunyamukira ku Southampton. Ikangokhala kuti ikaima ku Norway, Belgium kapena Portugal, viza ikufunika, ndipo kunena kuti "ine sinditsika, ndikhala m'sitima momwemo" sikuthandiza. Adzakubwezani pakhomo, chikwama chili m'manja, ndalama osabweza.

Onaninso mndandanda wa madoko. Sitima ikatuluka m'dera la Schengen, mwachitsanzo kukaima ku Kotor ku Montenegro kapena ku Kusadasi ku Turkey, kenako n'kubwerera ku Italy, viza yanu ikhale yolowera kangapo, ndipo maiko enawo ali ndi malamulo awoawo oti muwafufuze. Fomu ya Schengen mungaipereke kutatsala miyezi 6, ndipo malo okaonekera amasowa chilimwe chikamayandikira. Amafunanso inshuwalansi ya chipatala yofika €30,000. Pasipoti ikhale ndi miyezi 6 yotsala kuchokera tsiku lobwerera, ndipo ikhale yomweyo imene munalumikiza ku eVisa yanu, chilolezo chokhalira ku Britain cha pa intaneti, poti makhadi a chilolezo aja a BRP anatha ntchito kumapeto kwa 2024.

Za sitima zonyamukira ku Miami, ikani pambali kaye. Mu August 2025 dziko la America linayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa Amalawi ndi a ku Zambia opempha viza yokacheza. Palibe mapointi amene angatseke dzenje limenelo.

Lembani ulendo wonse papepala

Tengani pepala, mulembe zonse: chipinda cha m'sitima, ndege, hotela ya usiku umodzi musanakwere, basi kapena sitima yapamtunda yopita kudoko, viza, inshuwalansi, ndalama ya antchito a m'sitima imene makampani ambiri amaiwonjezera tsiku lililonse, zakumwa, intaneti, ndi maulendo a kumtunda sitima ikaima. Mtengo umene mumauona pa malonda ndi wa munthu mmodzi pamene m'chipinda mukugona awiri. Woyenda yekha amalipira pafupifupi kawiri.

Mukatero, chongani pamene mapointi angalowe. Ine ndimachonga ndege poyamba, hotela kachiwiri, chipinda pomaliza. Chifukwa chake n'chakuti Avios imodzi, ndiye pointi ya British Airways, ikagwiritsidwa bwino pa ndege imakupulumutsani pafupifupi peni imodzi, nthawi zina kuposa, makamaka ana akatsekera sukulu matikiti atakwera mtengo. Pointi yomweyo mukaisandutsa ndalama yochotsera pa bilu, kawirikawiri imatsika kufika cha pa theka la peni. N'chimodzimodzi kugulitsa chimanga mu Meyi pamene mukanadikira Januwale.

Khadi limodzi, lolipiridwa lonse mwezi uliwonse

Apa ndikhalapo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna.

Khadi la ngongole la British Airways American Express (Amex mwachidule) lopanda malipiro apachaka limapereka Avios imodzi pa paundi iliyonse. La Premium Plus limapereka imodzi ndi theka, koma limadya £300 pachaka. Barclaycard ili ndi khadi la Avios la Mastercard, lothandiza m'masitolo amene amakana Amex, ndipo alipo ambiri, makamaka timashopu tathu togulako ufa ndi usipa. Makhadi ena a Amex amapereka mapointi a Membership Rewards, amene mungawasamutsire ku Avios kapena ku Virgin Points, mapointi a ndege za Virgin Atlantic, imodzi kwa imodzi. Ubwino wa amenewa ngwakuti simunadzimangirire kampani imodzi ya ndege.

Tsopano tiwerengere limodzi. Mwagula zinthu za £1,000 pa khadi laulere lija, mwapeza Avios 1,000, zimene ndi pafupifupi £10. Mwezi watha, simunalipire. Chiwongoladzanja cha makhadi oterewa chimapitirira 20 pa 100 pachaka, ena kufika cha m'ma 30. Pa £1,000 ija, mwezi umodzi wokha mwataya cha m'ma £20. Mwalipira £20 kuti mulandire £10. Kumudzi timati katapila, kuno wangovala tayi. Choncho tsiku limene khadi lafika, musanagule ngakhale buledi, ikani direct debit yolipira ngongole yonse, osati kandalama kochepa kaja amati minimum. Ngati panopa muli kale ndi ngongole pa khadi lina imene mukuikoka mwezi ndi mwezi, malangizo ano akudikireni. Malizani imeneyo kaye.

Amene mwangofika kumene, mbiri yanu ya ngongole ku Experian, Equifax ndi TransUnion imakhala yopyapyala, ndiye akhoza kukukanani. Musamangoponya mafomu paliponse, poti pempho lililonse limasiya chidindo. Gwiritsani ntchito eligibility checker, imene imakuuzani mwayi wanu popanda kusiya chidindocho. Ndipo kalembetseni m'kaundula wa mavoti ku khonsolo yanu: ife a m'maiko a Commonwealth okhala movomerezeka timaloledwa, ndipo obwereketsa amayang'ana m'menemo potsimikiza adiresi. Ngati mukukonzekera kupempha ngongole ya nyumba miyezi ingapo ikubwerayi, musatsegule khadi latsopano. Nyumba ndi yaikulu kuposa sabata imodzi panyanja.

Bonasi yolandirira alendo, ndi msampha wa ndalama zotumiza kumudzi

Mapointi ambiri sachokera pa kugula kwa tsiku ndi tsiku, amachokera pa bonasi imene amakupatsani mukagula zinthu zofika mlingo wakutiwakuti m'miyezi yoyambirira, kawirikawiri itatu. Nzeru yake ndi kutsegula khadi pamene muli kale ndi chinthu chachikulu choti mulipire ndipo ndalama yake ili kale ku akaunti: matikiti opita kumudzi pa Khirisimasi, inshuwalansi ya galimoto ya chaka chonse, kapena dipoziti ya sitima yomweyo. Osagula sofa yatsopano pofuna kufikitsa mlingo. Dziwaninso kuti Amex imakana bonasi zambiri kwa munthu amene anakhalapo ndi khadi lawo m'miyezi 24 yapitayi, ndiye khadi loyamba lisankheni mofatsa.

Chimene ine chinandiluma ndi ichi. Ndinaganiza kuti poti mwezi uliwonse ndimatumiza ya fizi ndi ya feteleza, bwanji ndizitumiza ndi khadi la ngongole kuti mapointi azichuluka. Sitetimenti itabwera ndinapeza kuti banki yawerengera ngati ndatapa ndalama pa ATM: chindapusa pamwamba, chiwongoladzanja kuyambira tsiku lomwelo, mapointi ziro. Ndinaimba foni n'kudandaula, mtsikana wa mbali inayo anangondiwerengera ndime ya m'malamulo imene sindinaiwerenge. Safunsa anadya phula. Ndalama za kumudzi tumizani kuchokera ku akaunti ya banki kapena khadi la debit. Lendi nayo eni nyumba ambiri salandira pa khadi la ngongole, ndiye musaiwerengere.

Pali vocha ya mnzako woyenda naye, imene makhadi a British Airways Amex amapereka mukagula zofika £15,000 pachaka. Ndi iyo, anthu awiri amayenda pa Avios za munthu mmodzi, misonkho yokha ndiyo mumalipira ya awiri. Ya khadi laulere imagwira mu economy mokha ndipo imatha pakapita chaka, ya Premium Plus imakhala zaka ziwiri. Koma £15,000 ndi £1,250 mwezi uliwonse. Ngati banja lanu limafika pamenepo palokha, zikomo. Ngati ayi, isiyeni ipite.

Timitsinje ting'onoting'ono

Wogula ku Sainsbury's, mapointi 400 a Nectar amasanduka Avios 250. Wogula ku Tesco, mapointi a Clubcard amasamukira ku Virgin Points. Tsegulani household account ku British Airways Club kuti Avios za anthu a m'nyumba imodzi, mpaka 7, zikhale mumphika umodzi. Ngati popita kumudzi mumadzera ku Doha, Qatar Airways nayo imagwiritsa ntchito Avios kuyambira 2022, ndipo mungazisamutse kupita ku akaunti ya British Airways. Avios zimafa pakadutsa miyezi 36 popanda kulowa kapena kutuluka ngakhale imodzi, pamene Virgin Points sizifa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, koma musataye Loweruka lonse kusaka mapointi 50.

Kusungitsa malo: chiyambe n'chiti?

Musalipire chipinda musanaone ngati pa ndege pali mipando ya Avios. Mipando imeneyi ndi yowerengeka pa ndege iliyonse, ndipo British Airways imaitulutsa kutatsala masiku 355. Ya m'chilimwe yopita ku Barcelona, Rome ndi Athens imatha msanga. Ine ndimatere: ndimasankha masabata awiri kapena atatu amene sitima ikuyenda njira yomweyo, n'kutsegula akaunti ya Avios kuona tsiku limene pali mipando iwiri popita ndi pobwera, kenako ndimalipira dipoziti ya chipinda ndi kutenga mipandoyo madzulo omwewo. Kuchoka ku London kupita ku Barcelona ndi kubwerera, munthu mmodzi amafunika Avios zapakati pa 20,000 ndi 30,000 kuphatikiza kandalama kochepa, malinga ndi nyengo. Mu tikitiyo muli kale chikwama cha makilogalamu 23, chimene ndege zotchipa zimalipiritsa padera. Mukasintha maganizo kutatsala maola oposa 24, amakubwezerani Avios zanu atadula kandalama, zimene tikiti yotchipa ya ndalama sichita.

Pamene Avios zimaonetsa mphamvu ndi pa tikiti ya mbali imodzi. Sitima zambiri zimayambira doko lina n'kuthera lina, mwina kunyamuka ku Barcelona n'kukathera ku Piraeus, doko la Athens. Palinso maulendo osamutsa sitima, pamene makampani akuzichotsa ku Mediterranean kupita kotentha cha m'ma Okutobala ndi Novembala, n'kuzibweretsanso cha m'ma Epulo. Zipinda pa maulendo amenewa zimatchipa chifukwa masiku ambiri mumakhala pakati pa nyanja, koma tikiti ya ndege ya mbali imodzi yobwerera ndiyo imapweteka. Pa Avios, mbali imodzi ndi theka chabe la mtengo. Ingoonetsetsani kuti dziko limene sitimayo ikukathera likulolani kulowa.

Fikani tsiku limodzi sitima isananyamuke. Izi sindikunyengererani. Mukagula ndege panokha ndi mapointi, ulendo wanu si phukusi limodzi, chitetezo cha ATOL chimene amapeza ogula zonse pamodzi kwa kampani imodzi inu mulibe, ndipo ndege ikachedwa sitima sidikira. Ulendo wathu wachiwiri ndinaumira pa hotela, n'kutenga ndege ya m'mawa wa tsiku lomwelo. Tinakhala pa bwalo la ndege maola anayi tikuyang'ana chikwangwani chikusinthasintha nthawi, bambo a kunyumba ali chete, chete uja woposa kukalipa. Tinafika padoko antchito akupinda kale matebulo olandirira anthu. Kuyambira pamenepo hotela ya usiku umodzi imakhala pamwamba papepala langa, ndipo mapointi otsala ndi amene amalipira.

Onaninso kuti doko lili kuti kwenikweni. Akalemba Rome amatanthauza Civitavecchia, mtunda wa makilomita pafupifupi 80, ola limodzi ndi kanthu pa sitima yapamtunda. Akalemba Venice, dziwani kuti kuyambira mu August 2021 sitima zikuluzikulu zinaletsedwa kudutsa pakati pa mzindawo, ndiye zina zimakocheza ku Marghera, zina ku Trieste kapena Ravenna, kumene ndi ulendo wa maola awiri kapena kuposa.

Chipindacho lipirani ndi khadi la ngongole, ngakhale dipoziti yokha. Lamulo la Consumer Credit Act la 1974, gawo 75, limati mukagula chinthu cha mtengo woposa £100 mpaka £30,000, kampani ya khadi ili ndi udindo limodzi ndi wogulitsa zinthu zikasokonekera, monga kampani ya sitima ikagwa. Chitetezochi chimayenda bwino mukalipira mwachindunji kwa mwini ulendo. Ndalama yotsala amaifuna kutatsala pafupifupi miyezi itatu, ndiye igaweni ndi miyezi imene yatsala, muziika padera ngati ya chipereganyu. Mitengo yabwino imatuluka kwambiri Januwale mpaka Malichi. Chipinda cham'kati chopanda windo ndiye chotchipa, ndipo kunena zoona mumangogonamo.

Nanga chipinda sichingagulidwe ndi mapointi?

Nthawi zina chimatheka. Virgin Red, kalabu ya mapointi ya Virgin, yakhala ikutulutsa maulendo a sitima za Virgin Voyages olipira ndi Virgin Points, chipinda cha anthu awiri. Sitima zawo ndi za akuluakulu okhaokha, azaka 18 kupita m'tsogolo, ndiye a ana izi si zanu. Malo amenewa amatuluka mwa apo ndi apo n'kutha msanga, n'chifukwa chake ndi bwino mapointi a Amex kuwasiya kumene ali mpaka mutaona chinthu chenicheni choti mugule, poti mukawasamutsa sabwereranso. Mavocha a Tesco Clubcard nawo amakhala ndi mphamvu kawiri kwa makampani ogwirizana nawo, kale inali katatu isanatsike mu June 2023, ndipo P&O Cruises yakhala ikupezeka pamndandandawo. Werengani kuti vochayo ikugwira pa mtengo uti musanaisinthe.

Muyezo wake ndi umodzi: tengani mtengo wa chinthucho pa ndalama, chotsani ndalama imene mulipirebe, yotsalayo muigawe ndi mapointi amene akufuna. Ikatsika kwambiri pansi pa peni imodzi pa pointi, lipirani ndalama, mapointi asungireni ndege.

Abale a ku Joni, nzeru ndi yomweyi koma njira ndi yaifupi. Sitima za MSC zimanyamuka ku Durban m'nyengo yotentha, cha m'ma Novembala mpaka Epulo, kupita ku Portuguese Island ndi Pomene ku Mozambique, masiku atatu kapena anayi. Wa banki ya FNB, mapointi ake a eBucks 10 ndi R1, ndipo angalipire ndege yochoka ku Johannesburg kupita ku Durban.

Muli m'sitima tsopano

Polowa amakufunsani khadi loti alumikize ku kiyi wa chipinda, ndipo kuyambira pamenepo simugwiranso ndalama. Mumangogunditsa kakhadi: kapu ya juwisi, chithunzi, ayisikilimu wa mwana. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Funsani kaye kuti sitimayo imawerengera ndalama yanji. P&O imagwiritsa ntchito mapaundi, MSC ku Mediterranean ndi ma euro, Royal Caribbean ndi madola ngakhale ili ku Ulaya. Makhadi ambiri a mapointi, kuphatikizapo a Amex, amadula pafupifupi 3 pa 100 pa ndalama yakunja, pamene mapointi amene mupeze ndi a 1 pa 100. Ndiye khadi limene lakubweretsani kuno libwerere m'chikwama, mupereke lina losadula kanthu kunja. Akakufunsani ngati akusinthireni bilu kukhala mapaundi, kanani, banki yanu isinthe yokha. Khadi la debit nalo lili ndi vuto lake: amatsekereza ndalama ina ngati chikole, ndipo imatha kutenga masiku mutabwerera isanamasulidwe, lendi ikudikira.

Chakudya cha m'chipinda chachikulu chodyera ndi cha pa buffet munalipira kale, madzi, tiyi ndi khofi wamba pa buffet ndi zaulere. Phukusi la zakumwa liwerengereni ndi zala musanagule, ndipo makampani ambiri amafuna kuti akulu onse a m'chipinda chimodzi agule. Foni iikeni pa airplane mode sitima ikangochoka padoko, chifukwa netiweki ya panyanja imadzera pa setilaiti ndipo bilu yake imaliza munthu wamkulu. Dokotala wa m'sitima ndi wolipira, khadi la GHIC lolandirira chithandizo m'zipatala za boma ku Ulaya siligwira ntchito, ndiye inshuwalansi yanu itchule cruise momveka. Maulendo a kumtunda mungayende nokha pa basi ya mumzinda pa mtengo wochepa, bola mubwerere kutatsala ola lathunthu ku nthawi imene alemba pakhomo lotulukira, potsata wotchi ya m'sitima, osati ya pafoni.

Usiku womaliza tsegulani bilu pa app kapena pa TV ya m'chipinda, muiwerenge mzere ndi mzere. Ife tinapezamo mabotolo awiri a vinyo pamene tonse sitimwa, ndipo anachotsa titapita ku desiki usiku womwewo, mzere usanatalike. Zikwama zazikulu amazitenga pakhomo usikuwo, choncho siyani zovala za mawa, mankhwala ndi mapasipoti m'kachikwama ka m'manja. Ndege yobwerera pa Avios ikhale ya masana kapena madzulo, chifukwa ngakhale sitima ikocheze 6 koloko m'mawa, gulu lanu lotsika akhoza kuliitana cha m'ma 9, ndipo kuchokera ku Civitavecchia kukafika ku bwalo la ndege la Fiumicino pakadali ola lina panjira.